Synthesizer ya pakompyuta ikamathetheka: kupeza gwero la phokoso musanagule chilichonse

M'masitudiyo ang'onoang'ono a ku Chitakale, ku Limbuli, ku Luchenza ndi ku Bvumbwe, momwe makwaya a m'mipingo ndi achinyamata oimba paokha amajambulitsira nyimbo zawo, muli vuto limodzi lomwe limabwera mobwerezabwereza moti ena anafika polizolowera. Wojambula amatsegula FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo pakompyuta, amaika ng'oma, piyano ndi gitala, zonse n'kumayenda bwinobwino. Koma akangowonjezera plugin (kapulogalamu kolowetsa mu FL Studio) yotsanzira synthesizer yakale ya analogue, chida chopanga mawu ndi magetsi, monga Mini V ya Arturia kapena Diva ya u-he, n'kugwira ma chord awiri kapena atatu, sipika zimayamba kulira kuti the the the, mawu amadukizadukiza, ndipo nthawi zina nyimbo yonse imayenda mokokeka. Atsogoleri a kwaya, omwe alipira kale galimoto kuchokera ku Thekerani kapena ku Muloza, amafunsa mwaulemu kuti, "Achimwene, kodi makinawa awonongeka?" Wojambulayo amasowa choyankha, chifukwa nayenso sakudziwa ngati chavuta chili mu plugin, mu laputopu, m'sipika kapena m'magetsi.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti ambiri amathamangira kugula chinthu asanadziwe chomwe chavuta. Wina amawonjezera RAM (memori ya kompyuta), wina amagula waya watsopano, wina amafufuta plugin yabwino n'kubwerera ku mawu ouma amene sankawafuna, koma kuthetheka kuja osatha. Phokoso lotere lili ndi magwero atatu osiyana kotheratu, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. Ntchito yoyamba ndi kuzindikira gwero, ndipo kutero sikufuna ndalama ngakhale tambala imodzi.

Chifukwa chimene ma plugin amenewa amalemerera kompyuta

Minimoog Model D, synthesizer imene Mini V imatsanzira, yomwe kampani ya Robert Moog inatulutsa mu 1970 ku America n'kupitiriza kuipanga mpaka 1981, inalibe purosesa mkati mwake. Mawu ake ankachokera ku magetsi odutsa mu ma oscillator atatu, zigawo zopanga funde la mawu, kenako mu filter ya ma transistor yomwe imadula mawu okwera ndi 24 dB pa octave iliyonse, ndipo zonsezi zinkachitika nthawi yomweyo popanda kuwerengera masamu. Inkaliza noti imodzi yokha pa nthawi imodzi. Prophet-5 ya Sequential Circuits, ya mu 1978, inkaliza manoti asanu, pamene Juno-60 ya Roland, ya mu 1982, inkaliza asanu ndi imodzi.

Plugin yotsanzira zida zimenezi siliza mawu ojambulidwa kale monga imachitira piyano ya ma sample. Imawerengera mwa masamu mmene magetsi akanayendera m'zipangizo zachitsulo zija, ndipo imatero maulendo 44,100 pa sekondi iliyonse ngati mukugwira ntchito pa 44.1 kHz. Filter ndiyo imadya mphamvu kwambiri, chifukwa mukakweza resonance (batani lokweza mawu a pamalire pamene filter ikudula), gawo la mawu otuluka limabwerera kukalowanso mu filter momwemo pa nthawi yomweyo, kotero yankho la masamu limadalira yankho lomwelo, ndipo ma plugin amene amatsanzira mokhulupirika amayenera kubwereza kuwerengera mpaka yankho likhazikike. Kuwonjezera apo, pa 44.1 kHz kompyuta imatha kusunga mawu okwera mpaka 22,050 Hz basi. Okwera kuposa apo amabwerera m'munsi ngati phokoso losagwirizana ndi kiyi ya nyimbo, lomwe limatchedwa aliasing. Pofuna kupewa zimenezi, plugin imawerengera mkati mwake pa liwiro lochulukitsidwa, mwachitsanzo kanayi, omwe ndi maulendo 176,400 pa sekondi, ndipo pa ma plugin ambiri ntchito yonseyi imachitika pa noti iliyonse payokha.

Apa ndi pamene pakuonekera chifukwa chimene RAM ndi SSD (disiki yothamanga) sizithetsera vutoli. Zinthu ziwirizi zimathandiza ma plugin amene amanyamula mafayilo akuluakulu a mawu ojambulidwa. Synthesizer yotsanzira analogue ndi yaing'ono pa disiki ndipo siifuna RAM yambiri. Chimene imafuna ndi purosesa yothamanga, yosatentha, ndiponso yosasokonezedwa ndi ntchito zina.

Kuyesa koyamba

Sankhani gawo la nyimbo lomwe limathetheka kwambiri, litulutseni ngati fayilo ya WAV, ndipo mukalimvere pa foni kudzera m'mahedifoni, kutali ndi laputopu ndi sipika za mu situdiyo. Potulutsa WAV kompyuta sipanikizidwa ndi nthawi: ikhoza kutenga masekondi atatu kuwerengera sekondi imodzi ya nyimbo popanda cholakwika chilichonse. Choncho ngati fayiloyo ikumveka yoyera, nyimbo yanu ndi plugin yanu zilibe vuto, koma kompyuta ikulephera kumaliza masamu pa nthawi yake pamene mukuliza. Ngati kuthethekako kukumveka ndithu mu WAV, ndiye kuti phokosolo lili m'mawu enieniwo, ndipo kusintha za kompyuta sikudzathandiza. Palinso kachitatu: imitsani nyimbo, musakhudze kiyibodi, ndipo mutchere khutu pafupi ndi sipika. Ngati kukumveka kung'ung'udza kapena kuthetheka pamene palibe chimene chikulira, pitani molunjika ku mawaya ndi magetsi, chifukwa synthesizer ilibe mlandu.

Pamene WAV ili yoyera koma poliza pakuthetheka

Ili ndi gwero lomwe limapezeka kawirikawiri kuposa ena, ndipo ndi pamene ndikhalitsepo. Kompyuta situmiza mawu ku sound card amodziamodzi. Imawasonkhanitsa m'timagulu totchedwa buffer. Amene anagwirapo ntchito m'minda ya tiyi amadziwa kuti thirakitala yonyamula masamba imafika pa nthawi yake, kaya dengu lanu ladzaza kaya silinadzaze. Sound card imachitanso chimodzimodzi: imabwera kudzatenga buffer pa nthawi yoikika, ndipo ikapeza purosesa isanamalize, imatumiza ku sipika kampata kopanda kanthu, komwe khutu limakamva ngati "the". Mu FL Studio mukadina F10 n'kupita pa Audio, mupeza mawu akuti Underruns ndi nambala pambali pake. Lizani nyimbo uku mukuyang'ana nambalayo. Ikamakwera nthawi iliyonse pamene kwathetheka, mwagwira mwini mlandu.

Pamalo omwewo yang'anani driver amene wasankhidwa, pulogalamu yolumikiza FL Studio ndi sound card. Ngati pali Primary Sound Driver, sinthani nthawi yomweyo. Amene ali ndi audio interface, sound card yakunja yolumikiza ku kompyuta, asankhe driver wa ASIO wa kampani imene inapanga chipangizocho, chifukwa ndiye amalankhula nacho mwachindunji. Amene akugwiritsa ntchito sound card ya m'laputopu asankhe FL Studio ASIO kapena ASIO4ALL, ayese onse awiri, n'kusunga amene akuyenda bwino pa makina ake.

Kenako kulitsani buffer. Masamu ake ndi osavuta: pa 44.1 kHz, buffer ya ma sample 128 imapatsa purosesa mamilisekondi 2.9 kuti imalize ntchito, ya 256 imapereka 5.8, ya 512 imapereka 11.6, ya 1024 imapereka 23.2, ndipo ya 2048 imapereka 46.4. Buffer ikakula purosesa imapeza mpata wopumira, koma mawu amachedwa kutuluka mukadina kiyibodi. Kuchedwa kwa mamilisekondi 11.6 n'kofanana ndi nthawi yomwe mawu amatenga kuyenda mamita pafupifupi anayi mumpweya, ndipo oimba kiyibodi ambiri amatha kuimba nako popanda kudandaula. Pa 1024 kupita m'mwamba zala zimayamba kusemphana ndi makutu. Uphungu wanga ndi wakuti musafune nambala imodzi yogwira ntchito zonse. Pamene woimba akuliza kiyibodi kapena pamene mukujambula mawu a munthu, ikani 256 kapena 512 ndipo muzimitse zolemera zonse zosafunika pa nthawiyo. Pamene mukusakaniza nyimbo, palibe amene akudina kiyibodi, kotero ikani 1024 kapena 2048 mopanda mantha. Onaninso sample rate, chiwerengero cha maulendo pa sekondi chija: kugwira ntchito pa 96 kHz kumachulukitsa masamu kuposa kawiri poyerekeza ndi 44.1 kHz, ndipo pa nyimbo yomwe ipite pa wailesi, pa WhatsApp kapena pa YouTube palibe phindu limene mungalimve. Khalani pa 44.1 kapena 48 kHz, ndipo nambala imene mwasankha mu FL Studio igwirizane ndi imene ili mu Sound settings ya Windows.

Tsopano nkhani ya magetsi, yomwe kuno kwathu ndi yaikulu kuposa mmene mabuku a ma plugin amaifotokozera. Laputopu ikachoka pa tchaja n'kuyamba kudya batire, Windows imachepetsa liwiro la purosesa kuti batire ikhalitse. N'chifukwa chake nyimbo yomwe imayenda bwino m'mawa imayamba kuthetheka pa mphindi yomweyo magetsi akathima, ngakhale simunasinthe kanthu. Mungadzionere nokha: dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, pitani pa Performance, ndipo muyang'ane pamene palembedwa Speed. Zulani tchaja uku nyimbo ikulira, ndipo pa malaputopu ambiri muona nambala ya GHz ikutsika pamaso panu, kuthetheka n'kuyamba. Mankhwala ake ali mu Power Options ya mu Control Panel: sankhani High performance ngati ilipo, kapena Best performance pa Power mode ya mu Settings, ndipo mu advanced settings ikani Minimum processor state pa 100% pa mbali zonse ziwiri, ya tchaja ndi ya batire. Pomwepo zimitsani USB selective suspend kuti Windows isamagonetse doko lomwe mwalumikizapo interface ndi kiyibodi. Batire idzatha msanga, zimenezo n'zoona, koma ndi bwino kujambula bwino kwa kanthawi kochepa kusiyana n'kukhala tsiku lonse mukubwereza gawo limodzi. Dziwaninso kuti malaputopu ena akazindikira kuti tchaja si yake kapena ndi yochepa mphamvu amadzichepetsera liwiro ngakhale magetsi alipo, choncho tchaja yogula pamsika yomwe ma watt ake ndi ochepera pa amene alembedwa kunsi kwa laputopu ikhoza kukhala gwero lonse la vuto.

Kutentha ndi mnzake wa vutoli. Masitudiyo athu ambiri ndi tizipinda tofolera malata, totsekedwa mazenera ndiponso tomatidwa matiresi kapena mathireyi a mazira m'makoma, ndipo mu October ndi November masana mumakhala motentha kwambiri. Purosesa ikayandikira malire ake, omwe pa mapurosesa ambiri a m'malaputopu ali cha pa madigiri 100, imadzichepetsera liwiro kuti isapse. Chizindikiro chake n'chodziwika: poyamba zonse zimayenda bwino, koma ntchito ikatenga nthawi fani imayamba kulira mokweza, kunsi kwa laputopu kumaotcha dzanja, ndipo kuthetheka kumakula pang'onopang'ono. Pulogalamu yaulere ya HWiNFO imaonetsa kutentha kwa purosesa ndiponso ngati yayamba kudzichepetsa. Mukatsegula laputopu yomwe yakhala m'fumbi la chilimwe kwa nthawi yaitali, mumapeza pakati pa fani ndi timizere ta chitsulo totulutsira mpweya pali chikhatho cha fumbi lopotana ndi ubweya wa bulangeti, chokhuthala moti mumachichotsa chathunthu ndi zala, ndipo kuseri kwake mpweya sumadutsa n'komwe. Zimitsani makina, chotsani tchaja ndi batire, gwirani fani kuti isazungulire, n'kuchotsa fumbilo ndi kaburashi kofewa. Ngati simunatsegulepo laputopu, ipititseni kwa wokonza wodalirika, ndipo mumupemphe asinthenso thermal paste, yomwe imauma ikakhalitsa. Pogwira ntchito musaike laputopu pa khushoni kapena pa nsalu. Ikwezeni kumbuyo ndi zitsekerero za mabotolo kuti mpweya uzidutsa kunsi.

Zonsezi zikakonzeka, yang'anani plugin yeniyeniyo, makamaka chiwerengero cha ma voice. Voice iliyonse ndi synthesizer yathunthu yokhala ndi ma oscillator ake, filter yake ndi ma envelope ake. Mukagwira chord ya manoti anayi, ma voice anayi akugwira ntchito. Ngati release, nthawi imene noti imapitiriza kulira mutasiya kiyi, ndi yaitali, monga imakhalira pa ma pad a nyimbo zauzimu zoyenda mofatsa, manoti anayi aja amapitiriza kulira pamene mwagwira kale chord yotsatira, ndipo ma voice amakhala asanu ndi atatu. Preset, mawu okonzedweratu a mu plugin, ikakhala kuti yaika unison, yomwe imaunjika ma voice anayi pa noti iliyonse, ndiye kuti afika 32. Apa ndi pamene pali yankho la funso lomwe ambiri amafunsa, loti n'chifukwa chiyani kumathetheka posintha chord pokha. Fupikitsani release pang'ono n'kusiya reverb kuti ndiyo italikitse mawu, tsitsani unison kufika pa awiri kapena muizimitse, ndipo muike malire a ma voice pa asanu ndi imodzi kapena asanu ndi atatu. Pa besi ndi pa lead ikani mono kapena legato. Izi sikuti ndi kungogonjera makina ofooka. Minimoog yeniyeni inkaliza noti imodzi, ndipo besi yake imamveka yolimba ndi yoyera chifukwa manoti ake sapiringizana. Ndikamva besi ya Moog yoikidwa pa ma voice khumi ndi asanu ndi limodzi, ndimadziwa kuti purosesa ikuvutika pa chinthu chomwe chikuwononganso nyimbo.

Ma plugin ambiri a mtundu umenewu ali ndi posankhira ubwino wa kawerengedwe. Diva, yomwe kampani ya u-he ya ku Berlin inatulutsa mu 2011, ili ndi Accuracy ya magawo anayi: draft, fast, great ndi divine. Popeka nyimbo gwiritsani ntchito draft kapena fast, ndipo pa OfflineAcc musankhe best, kuti potulutsa WAV plugin iwerengere mwa ubwino wake wonse pamene nthawi siikuipanikiza. Kusiyana kwa magawowa kumamveka makamaka resonance ikakwera kwambiri, ndipo pa pad yomwe ili kumbuyo kwa kwaya ya anthu ambiri n'kovuta kukuzindikira. Ma plugin ena amatchula chinthu chomwechi kuti quality kapena oversampling. Zimitsaninso reverb ndi delay za mkati mwa preset iliyonse, n'kuika reverb imodzi pa send ya mu mixer yomwe zida zonse zizigawana.

Pali chinthu china chomwe chimasokoneza anthu. Task Manager ikhoza kuonetsa kuti purosesa ikugwira ntchito pa 30% pokha pamene mita ya CPU ya mu FL Studio yafika pofiira, ndipo munthu amaganiza kuti imodzi ikunama. Zonse ziwiri zikunena zoona. Task Manager imaphatikiza ma core onse, zigawo za purosesa zogwira ntchito pazokha, pamene mita ya FL Studio imayeza gawo la nthawi ya buffer lomwe latha podikira kuti ntchito imalizike. Mawu ochokera mu synthesizer, kudutsa m'ma effect ake, kupita pa bus (njira yosonkhanitsa zida zingapo), mpaka pa master (potulukira mawu onse) amayenda motsatizana, ndipo gawo lililonse limadikira linzake, kotero njira imodzi yolemera imatha kuchedwetsa buffer yonse ma core ena atangokhala. Onetsetsani kuti Multithreaded generator processing ndi Multithreaded mixer processing n'zoyatsa mu Audio settings, yesani batani la multicore pa plugin yomwe ili nalo, ndipo muzimitse ma plugin a mastering omwe ali pa master kufikira tsiku lomaliza. Mu Tools, pansi pa Macros, muli Switch smart disable for all plugins, yomwe imapumitsa plugin iliyonse pamene siikulira. Ikadula mchira wa delay yaitali, izimitseni pa plugin imeneyo yokha. Tsekani browser, zimitsani Wi-Fi ndi Bluetooth pojambula, ndipo ngati mita ili yotsika koma kukuthethekabe mwa apo ndi apo, yendetsani LatencyMon kwa mphindi zingapo, chifukwa imatchula dzina la driver amene akulanda purosesa, yemwe kawirikawiri amakhala wa Wi-Fi kapena wa graphics.

Njira yomwe ndimaikhulupirira kuposa zonse ndi yosandutsa synthesizer kukhala audio mukangokhutira ndi gawo lake. Mu Playlist, dinani kumanja pa mutu wa track n'kusankha Consolidate this track. FL Studio itulutsa WAV n'kuiika pamalo ake. Sungani pattern ndi preset kuti mudzathe kubwerera mukafuna kusintha noti, kenako muzimitse plugin. Fayilo ya audio siidya mphamvu yodziwika, ndipo laputopu yakale imatha kunyamula zigawo khumi za Diva zojambulidwa motere pamene ikanalephera ziwiri zamoyo. Oimba a m'zaka za m'ma 1970 ankachita zomwezi pa tepi: Minimoog imodzi inkajambula besi, kenako n'kusinthidwa mabatani kuti ijambule lead, ndipo zimene zalowa pa tepi zinkakhala zalowa. Kuchita chonchi kumathandizanso kuti nyimbo idzatseguke ngakhale pa kompyuta ina yomwe ilibe plugin imeneyo.

Pamene phokoso lili mu WAV momwe

Choyamba yang'anani master. Mawu akadutsa 0 dB potuluka amadulidwa nsonga ndipo amamveka ong'ambika, makamaka pamene besi ndi kick zagunda pamodzi. Ma preset ambiri anapangidwa okweza kuti akope khutu, ndipo resonance ikakumana ndi noti yogwirizana nayo mphamvu imalumpha mwadzidzidzi. Tsitsani volume ya plugin mpaka master izifika cha pa -6 dB pamalo okwera kwambiri. Musasokoneze zimenezi ndi kukhuthala komwe kumabwera mukakweza ma oscillator onse atatu mu mixer ya plugin yotsanzira Minimoog; uko ndi kudzaza filter mwadala monga zinkachitikira pa chida chenicheni, ndipo ngati simukukufuna, tsitsani mabatani atatuwo kufika pakatikati.

Kachiwiri ndi kaphokoso kakuti "thi" komwe kamamveka poyambira kapena pothera pa noti iliyonse, makamaka pa besi yosalala. Kamabwera attack (nthawi imene noti imatenga kuti imveke mokwanira) kapena release ikakhala pa ziro, chifukwa mawu amayamba kapena kudulidwa ali pakati pa funde. Kwezani attack pang'ono kwambiri ndipo release muiike pa mamilisekondi asanu mpaka khumi. Kofanana nako kamamveka mukachepetsa ma voice mopitirira muyeso, pamene noti yatsopano ikulanda voice yomwe idakali kulira; zikatero onjezerani ma voice awiri. Onaninso ngati noise generator sinasiyidwe yoyatsa mu mixer ya plugin, ndipo pa ma plugin ena otsanzira Juno pali batani la phokoso la chorus, lomwe anaikamo dala chifukwa chorus ya chida chenichenicho inali ndi kamphepo kake.

Gwero lina, lomwe anthu safulumira kuliganizira, ndi plugin ya demo. Ma plugin a u-he osalembetsedwa amatulutsa kuthetheka mwa apo ndi apo mwadala, ndipo makampani ena amaika mkokomo kapena kudula mawu pakapita nthawi. Phokoso lotere limabwera ngakhale mita ili pansi ndiponso ngakhale mukuliza noti imodzi, ndipo palibe buffer yomwe ingalichotse. Njira ndi kugula layisensi kapena kugwiritsa ntchito zaulere zovomerezeka monga TyrellN6, TAL-NoiseMaker kapena Surge XT, zomwe zimatulutsa besi ndi pad zabwino ndithu ndipo ndi zopepuka. Ma plugin othyoledwa amene amayenda pa mafulashi kuchokera situdiyo ina kupita ina ndimawaletsa mwamphamvu, chifukwa kuwonjezera pa kukhala kuba ntchito ya ena, nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi omwe amagwira ntchito mobisa n'kumadya purosesa yomweyo imene mukuilimbirana.

Pamene sipika zikulira nyimbo itaima

Magetsi a m'Malawi amayenda pa 50 Hz, ndipo kung'ung'udza kwa pansi kosasintha komwe kumamveka m'sipika kumakhala kwa nambala imeneyi ndi zochulukitsa zake. Zulani tchaja ya laputopu: phokoso likatha pomwepo, ndiye kuti likudzera m'tchaja kapena m'kusiyana kwa earth pakati pa zida. Lumikizani laputopu, interface ndi sipika pa extension imodzi yabwino ya mapini atatu, gwiritsani ntchito mawaya a balanced a TRS kapena XLR kuchokera pa interface kupita ku sipika, ndipo musalole waya wa mawu kugona motsatana ndi waya wa magetsi. Musadule pini ya earth pa pulagi ngakhale wina atakuuzani kuti phokoso litha, chifukwa pini imeneyo ndiyo imateteza moyo wa munthu wogwira maikolofoni chida chikawonongeka. Amene amadalira sola kapena batire adziwe kuti inveta yotchipa ya modified sine wave imalowetsa kulira kwakuthwa m'zida zambiri za mawu, pamene ya pure sine wave siitero.

M'miyezi ya chiperoni, pamene nkhungu imakuta Mulanje ndi Thyolo masiku angapo motsatizana, chinyezi chimadetsa nsonga za ma jack ndi m'madoko mwake. Gwedezani waya uliwonse pang'onopang'ono pafupi ndi polumikizira uku mukumvetsera. Womwe ukuthetheka mukaukhudza ndiwo wavuta. Zimitsani zida, pukutani nsongayo ndi contact cleaner, ndipo ngati waya wathyokera mkati, usintheni. Mafoni a oimba akhale kutali ndi sipika ndi mawaya, chifukwa foni ikamalandira uthenga imatha kulowetsa kulira kwake komwe.

Ngati mwadutsa zonsezi, laputopu ili yoyera, ili pa tchaja yake, buffer ili pa 1024, koma plugin imodzi yokha ya manoti anayi pa draft ikufikitsa mita pofiira, ndiye kuti purosesayo yachepadi pa ntchito imeneyi, monga zimakhalira ndi mapurosesa a Celeron ndi Atom omwe anapangidwira ntchito zopepuka. Pogula ina musakopeke ndi dzina lakuti i7 lokha, chifukwa i7 yakale ikhoza kuchepera i5 ya m'badwo watsopano. Funsani nambala yonse ya purosesa n'kufufuza liwiro lake la core imodzi. Mukamapita ku Limbe kapena ku Blantyre kukagula, nyamulani mahedifoni ndi fulashi yokhala ndi FL Studio, plugin yanu ndi nyimbo yomwe imathetheka kwambiri. Pemphani ogulitsa akuloleni kuiliza kwa mphindi zosachepera khumi ndi zisanu, pa tchaja ndi pa batire pomwe, buffer ili pa 256, uku mukuyang'ana Underruns ndi Speed, ndipo mulipire pokhapokha nambala ya Underruns ikakhala yosasuntha.